Moto Ukasoŵa mu Injini ya Galimoto

Galimoto ya petulo ikakana kulira m'maŵa, eni ake ambiri amathamangira kukagula batire kapena mapulagi atsopano asanadziŵe pamene pagona vuto, ndipo ndalama zimapita pachabe. Makaniko wodziŵa ntchito yake satero. Iye amalondola njira ya moto kufikira atapeza pamene wadukira.

Poyamba amatchera khutu. Ngati sitata ikutembenuza injini mwamphamvu, batire lilibe mlandu. Pamenepo amazula waya wochokera ku koyilo kupita ku disitiribyuta, naugwira ndi pulayala yokutidwa mphira pafupi ndi chitsulo cha injini, mnzake akupotoza kiyi. Moto wabuluu wothetheka mwamphamvu umasonyeza kuti koyilo, imene imakweza mavoti 12 a batire kufika pa 20,000 kapena kupitirira, ili bwino. Vuto ndiye kuti lili patsogolo: mapulagi, rota, kapena chivundikiro cha disitiribyuta. Chivundikirochi nchosakhulupirika nthaŵi ya dzinja, pakuti chinyontho kapena kamng'alu kosaoneka msanga kamasocheretsa moto usanafike ku mapulagi.

Moto ukakhala wofooka kapena ukasoŵeratu, makaniko amabwerera m'mbuyo kukaona mapoyinti, amene mpata wake pa injini zambiri zakale umakhala pafupifupi 0.4 mm. Akawapeza atapsa, amakayikiranso kondensa.

Galimoto zamakono zilibe mapoyinti; nthaŵi ya moto imalamulidwa ndi sensa pamodzi ndi kompyuta. Pa zimenezi waya sazulidwa mwachisawawa injini ikutembenuka, chifukwa moto wosoŵa kopita ungaononge koyilo ndi zipangizo zina zodula.