Poimika ngolo pasatidanitse



Ine ndine mlimi wa kachewere konkuno ku Angonia. Tsiku lina ndinapita ku msika wa Ulongwe ndi ngolo yodzaza matumba. Nditasowa malo, ndinaimika pakhomo pa baraka ya aneba anga. Iwo anatuluka: "Achimwene, sunthani ng'ombe zanuzi, ogula alowera pati?" M'malo mopepesa, ndinayankha kuti msewu ngwa boma. Eee, tinatukwanizana anthu akuonerera, mwezi wathunthu osapatsana moni.

Ndiye usiku wina mwana wanga anatentha thupi koopsa. Wa njinga yamoto m'mudzi mwathu ndi iwowo basi. Ndinagogoda mwamanyazi, koma sanawiringule, anathamanga nafe kuchipatala. Mwanayo anachira.

Abale, wolakwa ndinali ine. Ukatseka pakhomo pa mnzako malonda ake amaima, ndowe n'kutsala akupala yekha. Tikatsitsa katundu tizisuntha msanga.

Ndikupempha gulu lathu likakambirane ndi akuluakulu a msika, atipatse malo apadera oimikapo ngolo ndi njinga. Paja chipande cha therere chimakoma n'kuyenderana.