Kusereulana kwa pa Boma la Ntcheu

(Awa ndi mawu amene mnzathu wina, yemwe amagwira ntchito m'boma ku Lilongwe, adayankhula pa msonkhano wa pachaka wa bungwe lathu. Tawasindikiza monga momwe adawayankhulira.)



A komiti atandipempha kuti ndidzayankhule lero, adandichenjeza kuti ndisabwere ndi nkhani za ku ofesi, poti za bajeti ndi za malipoti mumazimva sabata yonse. Choncho ndasankha kukamba za kwathu pa boma la Ntcheu, makamaka za mmene anthu amasereulirana tsiku ndi tsiku. Ambiri a inu mudachokera m'matauni ang'onoang'ono onga Balaka, Mponela, Luchenza kapena Mwanza. Ndikamati Ntcheu, inu muziikapo kwanu.

Anthu ambiri Ntcheu amaidziwira pa zenera la basi. Poyenda pa msewu wa M1 pakati pa Lilongwe ndi Blantyre amaona milu ya mbatata ya kachewere, kabichi, anyezi ndi tomato, amagula, nkumapita. Pa Lizulu msewu womwewo ndiwo malire, mbali ina ndi Malawi, mbali ina ndi Mozambique. Nchifukwa chake kwathu timati munthu wa pa Lizulu akakuuzani kuti dzulo adali kunja kwa dziko, musamutsutse, adangowoloka msewu kukagula anyezi.

Koma amene amatsika basiyo nkukhala masiku angapo amaona zina. Tsiku limayambira pa mjigo ndi pa chigayo, pomwe amayi amauzana amene wadwala, amene wabereka ndi amene mbuzi zake zadya chimanga cha eni. Dzuwa likakwera nkhani zija zimasamukira pa depoti kwa anyamata a kabaza, pa khonde la telala, ndi pa chiwaya pomwe pakukazingidwa tchipisi ndi kanyenya. Madzulo zimakathera pansi pa mtengo pomwe madala amasewera bawo. M'malo onsewa simungamve moni wouma. Wina akati, "Mwadzuka bwanji alamu?" yankho lake limakhala lakuti, "Ine ndadzuka, kaya inu amene munagona ndi njala poti mlongo wanga anakana kukuphikirani." Wina wa ife akafika atamanga tayi, mawu amamulandira asanakhale nkomwe pansi: "Bwana afika! Bisani mbewazo angatimalizire. Ku Lilongwe amadya masoseji koma mtima uli pa kapuku."

Palinso maina. Pa boma laling'ono dzina la pa chiphaso limagwira ntchito ku banki ndi ku chipatala kokha. Wokonda ngongole pa golosale amakhala a Mawamawa. Mkulu amene adakagwirako ntchito ku migodi ya ku South Africa amakhala a Joni mpaka tsiku lomuika m'manda. Mukafunsa nyumba ya munthu ndi dzina lake lenileni, ana amangokuyang'anani, koma mukatchula dzina la pa bawo, onse amaloza.

Mlendo angaganize kuti anthu amenewa ndi achipongwe, koma kusereulana kuli ndi malamulo ake, ndipo mwana amawadziwa asanayambe Sitandade 1. Asuweni amasereulana mopanda mantha. Alamu nawonso chimodzimodzi. Agogo aamuna amatchula mdzukulu wawo wamkazi kuti mkazi wanga, iye nkumawayankha kuti sangakwatiwe ndi munthu wopanda mano. Koma mkamwini sayerekeza kusereula apongozi ake, ndipo mwana sasereula atate ake. Mayi wachikulire mumayamba mwamulemekeza ndi mfunda wake, Nangozo kapena Namaseko, kenaka ndiye mumaponya kanthabwala kanu. Anansi athu a ku Zambia ali ndi mwambo wonga womwewu pakati pa mitundu iwiri, Angoni ndi Abemba. Amautcha chimbuya, ndipo amasereulana ngakhale pa maliro.

Ife Angoni a ku Ntcheu dziko lonse limatisereula. Amati Mngoni akaona nyama ndi mowa amaiwala njira ya kwawo. Sitikwiya, timangofunsa kuti nyamayo ili kuti. Munthu amene akudziwa kumene adachokera saopa kusekedwa. Tikudziwa kuti Inkosi Gomani Chikuse adaphedwa ndi atsamunda mu 1896. Tikudziwa kuti Chingoni chidatsalira makamaka m'nyimbo za ngoma ndi m'mifunda, ndipo pa mwambo wa Umhlangano ku Nkolimbo timakumbutsana zonsezi. Za nyama ndi mowazo nzongokometsera macheza.

Tsono funso nali: kodi zonsezi zili ndi ntchito yanji? Ine ndaona ntchito zitatu.

Yoyamba, kusereulana ndi kaundula. Kusukulu aphunzitsi ankaitana maina m'mawa uliwonse. Pa boma laling'ono maina amaitanidwa ndi nthabwala. Mdala amene amasekedwa tsiku lililonse kuti sadziwa bawo akapanda kuoneka masiku awiri, anzake amasowa womuseka, ndipo amatuma mwana kuti akaone. Anthu ambiri okhala okha adapezeka ali chigonere nkutengeredwa ku chipatala mwa njira imeneyi.

Yachiwiri, nthabwala imadzudzula popanda bwalo la milandu. Bambo amene wagulitsa feteleza wa m'munda mwake nkumwera ndalama zake, anzake samuitanira kwa amfumu. Amangomufunsa kuti, "Achimwene, chimanga chanu chija chaka chino chikumwa nawo?" Onse amaseka, iyenso amaseka, koma mawu aja amapita nawo kunyumba. Wauzidwa zoona pagulu popanda kumuvula ulemu.

Yachitatu ndi ya pa maliro. Adzukulu pokumba manda sakhala duu. Amasereulana, amasereula ofedwa amene mwambo ukuwalola kuwasereula, ndipo ntchito yolemetsa imapepuka. Koma adzukulu omwewo saiwala. Amadziwa khomo limene limabwera pa zovuta za anzawo ndi limene silibwera.

Mbadwo wathu udaona ndi maso kuti kuseka momasuka si chinthu chongochitika. Tili ana, makolo ankatsitsa mawu nkhani ikayandikira ku ndale, ndipo nthabwala yolakwika inkatha kumufikitsa munthu kupolisi. Riferendamu ya pa 14 June 1993 itachitika, ija ya nyali ndi tambala wakuda, pakamwa pa anthu padamasuka. Kale nthabwala zopanda ngozi zinali za Kapalepale ndi Pamajiga pa wailesi ya MBC, kapena za mpira wa Bata Bullets ndi Limbe Leaf Wanderers. Lero nduna imasekedwa pa depoti dzuwa likuswa mtengo. Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga amene adatisiya mu 2016 ndi malemu Eric Mabedi amene adatisiya mu 2021, adatchuka chifukwa ankayankhula pa siteji monga momwe anthu amayankhulira pa chiwaya.

Sindikunena kuti zonse za m'tauni yaing'ono nzokoma. Pomwe aliyense akudziwa mnzake, miseche nayonso imayenda msanga. M'zaka za m'ma 1990, Edzi ili pachimake, munthu ankangoti kuonda pang'ono, manong'onong'o ayamba, ndipo ena adafa ali okhaokha chifukwa cha manyazi, mankhwala a ma ARV asanayambe kuperekedwa ulere m'zipatala za boma mu 2004. Kusiyana kwake nkosavuta. Nthabwala imanenedwa pamaso pa mwini wake ndipo iye ali ndi mpata woyankha. Miseche imanenedwa iye atapotoloka. Nthabwala imamukokera munthu m'gulu, miseche imamutulutsamo.

Tsopano ndifike pa ife amene tili m'chipinda chino. Sukulu idatichotsa kwathu. Tidapita ku Chancellor College, ku Polytechnic, ku Bunda, tidalowa ntchito, ndipo lero tikukhala m'nyumba za mipanda ya njerwa momwe munthu amatha chaka osadziwa dzina la woyandikana naye. Tikapita kumudzi timafika pa galimoto magalasi ali otseka, timalowa kwa amayi, timasiya shuga ndi sopo, dzuwa lisanalowe tabwerera. Maliro akachitika timatumiza chipepeso pa foni. Ndalamayo imathandiza ndithu, koma siikhala pa siwa usiku wonse.

Chizindikiro chakuti munthu wasanduka mlendo kwawo nchimodzi. Anthu amaleka kumusereula. Anzake amene ankasaka nawo mbewa amaimirira akamuona, amavula chipewa, amati "Zikomo bwana," ndipo macheza amayambiranso iye akachoka. Ena a ife timaona ngati umenewo ndi ulemu. Kunena zoona, pamenepo dzina lathu lafufutidwa m'kaundula uja.

Ife a m'boma timapuma ntchito tikakwanitsa zaka 60. Kwa ambiri a ife zatsala zaka zosakwana 20. Tsiku limenelo galimoto ya ofesi idzabwezedwa, foni idzachepetsa kulira, ndipo ambiri tidzabwerera ku nyumba zimene tikumanga kwathu. Tonse tawaonapo akuluakulu opuma ntchito atakhala okha pa khonde la nyumba yamalata, nyuzipepala ya sabata yatha ili m'manja, anthu akudutsa pa msewu nkumangowaweyulira dzanja patali. Penshoni ali nayo, koma wowafunsa chifukwa chimene sanaonekere dzulo alibe. Akuluakulu adati kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka, koma kwanuko muyenera kumakupondako kuti njira isamere udzu.

Choncho ndili ndi mapempho ochepa. Mukapita kwanu, siyani galimoto pakhomo, muyende wapansi mpaka ku msika. Khalani pa bawo ngakhale mugonje. Akakupatsani dzina, lilandireni, ndipo mubweze nthabwala yanu. Tengani ana anu pa holide kuti akadziwe asuweni awo, akaphunzire amene angamuseke ndi amene ayenera kumugwadira, poti zimenezi sizili pa silabasi. Maliro a mnansi wa makolo anu, ngati ntchito ikulola, pitani nokha. Ndipo kwa a komiti, ndikupempha kuti msonkhano wa chaka chamawa tisakachitire mu hotela ya mu mzinda. Tikachitire pa boma lina laling'ono kumene ena a ife adachokera. Mukasankha Ntcheu, za nyama musade nkhawa, mukudziwa kale mbiri yathu.

Bambo Wapampando, ndaona kuti anzanga a kumbuyoko ayamba kuyang'ana kumene kukuchokera fungo la chakudya, monga ankachitira belu la nkhomaliro likayandikira. Ndisawachedwetse.