Nkhomaliro ya Ophunzira mu Mzinda wa Ithaca

Nkhani yathu ya lero ikutitengera kutali, ku dziko la America, ku kamzinda kotchedwa Ithaca m'chigawo cha New York. Musakasokoneze ndi mzinda waukulu wa New York uja wa nyumba zosanja zitalizitali. Kuchokera kumeneko kukafika ku Ithaca ndi ulendo wa maola anayi kapena asanu pa galimoto. Kamzindaka kali kumapeto kwa nyanja yaitali koma yopapatiza ya Cayuga, ndipo kazingidwa ndi zitunda. Pa kalembera wa mu 2020 munapezeka anthu 32,108. Pa chitunda cha kum'mawa pali yunivesite ya Cornell, imene Ezra Cornell ndi Andrew Dickson White anaikhazikitsa mu 1865, ndipo ophunzira ake amapitirira 25,000. Pa chitunda cha kum'mwera pali Ithaca College, imene inayamba mu 1892 ili sukulu ya zoimbaimba. Mukayerekeza ziwerengero zimenezi muona nokha kuti mzindawu wadalira ophunzira monga momwe mudzi wa kunyanja udalira nsomba. Tsono funso lathu ndi ili: dzuwa likafika paliwombo, khamu lonseli limadya kuti, ndipo limadya chiyani?

Choyamba tidziwe kuti ku America nkhomaliro si chakudya chachikulu cha tsikulo. Chachikulu ndi cha madzulo. Masana palibe amene amabwerera kunyumba kukasonkha moto. Wophunzira watuluka m'kalasi ina, ina ikumudikira, mphindi ali nazo zochepa, ndipo m'thumba mwake mulinso zochepa. Ophunzira a chaka choyamba amagona m'nyumba za yunivesite ndi kudya m'zipinda zodyera za komweko, popeza chakudya chawo amalipiriratu teremu isanayambe. Koma akuluakulu, amene achita lendi zipinda kunja kwa sukulu, pamodzi ndi aphunzitsi, alembi ndi ena ogwira ntchito, ambiri amafuna poti akhale pansi, adye msanga, abwerere.

Malo oti adyeko amawasankhira ndi mapiri. Pakati pa mzinda pali m'munsi, kuchigwa, ndipo msewu wokwera ku Cornell ndi chikweza chothetsa mpweya, makamaka m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale pamene chipale chofewa chakuta pansi ndipo njira ndi yoterera. Munthu wanzeru satsika phiri limenelo chifukwa cha nkhomaliro yokha. Motero pafupi ndi chipata cha yunivesite, tsidya lina la phompho la mtsinje wa Cascadilla, panamera dera la masitolo ndi malo odyera lotchedwa Collegetown. Ukangowoloka mlatho wamiyala, wafika pa msewu wa College Avenue, ndipo fungo la buledi, khofi ndi tchizi lakulonjera kale.

Chakudya chimene chimalamulira m'misewu yotere ndi pizza. Kwa amene simunailawe, ndi mkate wa ufa wa tirigu wokandidwa ndi yisiti, wotambasulidwa mpaka kupyapyala ndi kubulungira ngati lichero. Pamwamba pake amapakapo msuzi wa phwetekere, n'kuwazapo tchizi, ndipo wofuna amawonjeza soseji, bowa, anyezi kapena tsabola. Kenaka amaiponya mu uvuni wotentha kupitirira madigiri 250, ndipo sichedwa kupsa. Kwawo kwenikweni ndi ku Naples, m'dziko la Italy, kumene inali chakudya cha amphawi a m'misewu. Anthu a ku Italy amene anasamukira ku America ndiwo anabwera nayo, ndipo sitolo ya Lombardi's ya mumzinda wa New York, imene mbiri yake imayambira mu 1905, ndiyo imatchulidwa kawirikawiri kuti inali yoyamba kuigulitsa m'dzikomo. Kufalikira m'dziko lonse inafalikira nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha.

Chimene chinaiyenereza kukhala nkhomaliro ya wophunzira ndi kagulitsidwe kake. M'chigawo cha New York pizza yaikulu amaidula zidutswa zisanu ndi zitatu, ndipo munthu saumirizidwa kugula yonse. Ophika amaotcheratu mapizza angapo cha kum'mawa ndi kuwayala pakauntala, kuseri kwa galasi. Wogula amangoloza ndi chala. Wogulitsa amatenga chidutswacho, nachibwezera mu uvuni kwa kanthawi kuti pansi pake pakhale pokhuthukira ndi kuti tchizi isungunukenso, ndipo amachipereka pa mbale ya pepala. Foloko palibe, mpeni palibe, wokutumikira patebulo palibe, mbale yotsuka palibe. Wakudya amachipinda pakati kuti msuzi usadonthere pamalaya, nadya ali chiimire ngati mipando yadzaza. Mtengo wake ndi madola ochepa. Mwini sitolo naye sataya, pakuti ufa, madzi ndi phwetekere ndi zinthu zotsika mtengo; chimene chimamudyera ndalama kwambiri m'chidutswacho ndi tchizi. Kunena zoona, chidutswa chotenthetsedwa kachiwiri sichifanana ndi pizza yongotuluka kumene m'manja mwa wophika wa ku Naples, ndipo wodya zimenezi tsiku ndi tsiku thupi lake lidzamufunsa za mchere ndi mafuta. Koma kwa munthu amene kalasi ikumudikira pamwamba pa phiri, n'zovuta kupeza china choiposa.

Sizodabwitsa tsono kuti makampani ena aakulu a pizza anabadwira pakhomo pa sukulu. Mu 1960 abale awiri, Tom ndi James Monaghan, anagula kasitolo ka pizza kotchedwa DomiNick's mu kamzinda ka Ypsilanti, m'chigawo cha Michigan, pafupi ndi yunivesite ya Eastern Michigan. Pasanathe chaka, James anasiyira mbale wake gawo lake la malondawo posinthana ndi galimoto ya Volkswagen imene ankaperekera pizza kwa ogula. Mu 1965 dzina linasintha kukhala Domino's, ndipo lero dzinali lili m'maiko ambiri a dziko lapansi. Ku Ithaca komweko, mu 1960, bambo wina dzina lake Bob Petrillose anayamba kuimika galimoto yophikiramo pafupi ndi nyumba zogona ophunzira a Cornell. Iyeyu ankang'amba buledi wamtali pakati, n'kuikamo msuzi ndi tchizi, n'kuotcha, ndipo ophunzira ankaitcha pizza ya mmphawi. Komatu imeneyo inali ya usiku, si ya masana, choncho tiisiye.

Si onse amene amafuna kudya chiimire. Pali malo ena ang'onoang'ono ogulitsa khofi, supu ndi masangweji, kumene munthu amaitanitsa pakauntala, n'kulipira, n'kudikira kuti aitanidwe dzina. Otchuka pa malo otere ndi a Collegetown Bagels, amene anatsegulidwa mu 1976. Bagel ndi buledi wobulungira wokhala ndi bowo pakati, wooneka ngati nkhata yosenzera mtsuko. Anabwera naye ku America ndi Ayuda ochokera ku Poland. Asanamuotche amayamba amuviika m'madzi owira, n'chifukwa chake khungu lake limanyezimira ndipo mkati mwake mumatafunika nthawi yaitali. Amamudula pakati ndi kuikamo tchizi, mazira, nsomba kapena ndiwo zamasamba, ndipo mmodzi yekha amamusunga munthu mpaka madzulo.

Pa malo oterewa chimene anthu amagula si chakudya chokha ayi. Amagulanso mpando. Nkhani ya kamalo kena ka mkati mwa yunivesite ya Cornell ikuonetsa bwino zimenezi. Mu 1964 ophunzira ena anadandaula kuti analibe poti n'kukhala ndi aphunzitsi awo momasuka, popeza m'kalasi mphunzitsi amaima kutsogolo, ndipo muofesi mwake wophunzira amalowa ngati wodzapalamula. Anapatsidwa chipinda m'nyumba ya Goldwin Smith Hall, mmene munali zifanizo zoumbidwa potengera ziboliboli za kachisi wakale wa Zeus ku Greece, ndipo dzina la malowo linakhala Temple of Zeus. Patapita zaka malowo anatchuka ndi supu. Mu 2016 anasamukira m'nyumba yatsopano yoyandikana nayo ya Klarman Hall. Pamzere wa supu pulofesa wa imvi amaima kumbuyo kwa kamnyamata ka chaka choyamba, ndipo sapitirira mnzake chifukwa cha madigiri. Atakhala patebulo limodzi, funso limene wophunzira anachita nalo manyazi m'kalasi limatuluka lokha. Ine ndimaona kuti ophunzira a mu 1964 aja anamvetsa chinthu chimene omanga masukulu ambiri amaiwala, pakuti amawerengera makalasi ndi malaibulale koma osawerengera poti anthu adyere limodzi.

Mpando womwewo ndiwo umamupweteka mutu mwini malo amene amalipira lendi. Wophunzira angathe kugula kapu imodzi ya khofi cha m'ma 11 koloko, n'kutsegula kompyuta yake, n'kukhala pompo mpaka dzuwa litapendeka, pamene anthu ofuna nkhomaliro akusuzumira pakhomo, n'kuona kuti mwadzaza, n'kupitirira. Kumuthamangitsa sungathe, poti mawa adzabwera ndi anzake asanu. Kumusiya, tebulolo lagona ndi njala.

Amene ali ndi nthawi yotsika phiri amakapeza zina kumunsi, pafupi ndi Ithaca Commons, msewu umene anautseka m'zaka za m'ma 1970 kuti muziyenda anthu apansi okha. Chapafupi pomwepo, m'nyumba ya DeWitt imene kale inali sukulu, mu 1973 kagulu ka achinyamata kanatsegula malo odyera a Moosewood. Malowa anatchuka ndi zakudya zopanda nyama. Ankaphika nyemba, ndiwo zamasamba, supu ndi zina zotero, ndipo zakudya zinkasintha tsiku ndi tsiku malinga ndi zimene alimi abweretsa. Bwana analibe. Kwa zaka zambiri ogwira ntchito okhaokhawo ndiwo anali eni ake, ndipo ankagawana ntchito ndi phindu. Buku la kaphikidwe lotchedwa Moosewood Cookbook, limene analemba mmodzi mwa oyambitsa malowo, Mollie Katzen, litasindikizidwa ndi kampani ya mabuku mu 1977 linaphunzitsa mabanja ambiri a ku America kuti mphika wopanda nyama ungathe kukoma.

Tsono tiyeni tione kumbuyo kwa kauntala, kumene kuli nkhani yeniyeni. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo wophunzira ndi mlendo wotero. Amafika kumapeto kwa Ogasiti, amapita kwawo m'Disembala, amabwerera chakumapeto kwa Januwale, ndipo pofika kumapeto kwa Meyi, mwambo wopereka madigiri utatha, Collegetown imatsala pululu. Lendi ndi ya miyezi 12, koma ogula ochuluka ndi a miyezi isanu ndi itatu kapena isanu ndi inayi yokha. Mwini sitolo ayenera kukolola m'miyezi imeneyo zokwanira kudya chaka chonse, monga mlimi wa mvula imodzi. Ena amachepetsa maola m'nyengo yotentha, ena amatsekeratu kwa masabata angapo, ndipo woyamba kumva kuwawa ndi wophika ndi wotsuka mapoto, amene amalipidwa pa ola. Ophunzira ogwira ganyu pakauntala amapita kwawo pa tchuthi. Koma wophika wa pauvuni, amene kwawo ndi komweko ndipo ali ndi ana, alibe kopita. Otumikira patebulo nawo amadalira kwambiri ndalama yothokoza imene wakudya amasiya pamwamba pa mtengo wa chakudya, imene mwa chizolowezi cha dzikolo imakhala 15 kapena 20 pa 100 iliyonse. Tebulo likakhala lopanda munthu, ndalama imeneyo palibe. Ndiponso zaka zinayi zilizonse ogula onse amakhala atasinthika. Mbiri yabwino imene sitolo yapanga imachoka pamodzi ndi omaliza maphunziro, ndipo iyenera kuyambanso kukopa achilendo.

Kudalira sukulu kotereku kunaonekera poyera m'Malichi 2020, pamene matenda a COVID-19 anabuka. Yunivesite ya Cornell inauza ophunzira kuti abwerere kwawo teremu ili pakati, ndipo boma la chigawo cha New York linaletsa kudyera m'malo odyera, kungolola zogula n'kunyamula. Dzinja la malonda limene eni masitolo ankaliyembekezera mu Juni linawapeza m'Malichi, nkhokwe zisanadzaze. Ogulitsa pizza anapirirako kuposa anzawo, pakuti chakudya chawo n'chozolowera kale kuyenda m'katoni.

Vuto lina ndi la malo. Ophunzira zikwizikwi amafuna kugona pafupi ndi chipata, ndipo mwini nyumba amapeza ndalama zambiri akagwetsa kanyumba kakale n'kumangapo nyumba yosanja ya zipinda zalendi kusiyana ndi kudalira wogulitsa supu. Pa College Avenue panali malo a pizza otchedwa The Nines, m'nyumba imene kale inali ya ozimitsa moto a nambala 9, kumenenso kunachokera dzinalo. Ankadziwika ndi pizza yochindikala yophikidwa m'chiwaya chakuya, ndiponso ndi bwalo lakutsogolo lokhala ndi matebulo panja. Panabuka mtsutso mumzindamo, ena akuti nyumbayo isungidwe monga chikumbutso, ena akuti eni ake aloledwe kuigulitsa kwa omanga, popeza anali atagwira ntchito zaka pafupifupi 40 ndipo ankafuna kupuma. Malowo anatsekedwa mu 2018. A Collegetown Bagels nawo anachoka pa ngodya imene anakhalapo zaka zambiri, pamene nyumba yakeyo inagwetsedwa mu 2020. Iwo anachita mwayi: anapeza malo ena tsidya lina la msewu womwewo, nasamutsira matebulo awo kumeneko.