Mandasi, masikono ndi misika ya pa zikondwerero: mawu kwa alimi a pa Kamwendo

Sabata zapitazi takhala m'munda wachitsanzo, koma lero tikambe za ufa, mafuta ndi moto. Ambiri mwanena kuti mukufuna kuyamba geni ya mandasi ndi masikono pa Khirisimasi. Maganizowo ndi abwino, koma ine ndikuti musayambire pa Khirisimasi.

Malo athu ano ndi okomera geni. Pano pa Kamwendo mpamene msewu wopita ku Kasungu kudzera ku Kapiri umapatukira kuchoka mu msewu wa Lilongwe ndi Mchinji, ndipo ochokera ku Chipata kudzera pa chipata cha Mwami amadutsanso pomwe pano. Munthu wapaulendo amafuna chogwira m'manja. Komabe ogula enieni ndi anzathu a m'midzi yozungulira, ndipo ndalama zawo zimayendera nyengo ya ulimi.

Taonani Disembala. Nkhokwe zayamba kupepuka, ndalama zapita ku feteleza, aliyense ali kalikiliki ndi kupalira. Nkhuni ndi zonyowa. Malonda amatentha masiku ochepa okha, kuyambira pa 24 Disembala kufika pa 1 Januwale, pamene achibale a m'tauni abwera ndipo ana ali ndi timakobidi. Masiku amenewonso aliyense amene ali ndi chiwaya amakazinga mandasi. Wongoyamba kumene, amene sanadziwe muyeso wa yisiti, amabwerera kunyumba ndi beseni lodzaza. Ndipo m'nyengo ya mvula muli matenda otsegula m'mimba: pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 makhonsolo ena analetsa kugulitsa zakudya zophikaphika. Amene anali atagula kale thumba la ufa pangongole anaona zakuda.

Tsono taonani Juni ndi Julayi. Soya ndi mtedza zagulitsidwa, mavenda ali ndi masikelo pamsika, kukuzizira ndipo anthu akufuna chomwera tiyi. Pa 6 Julayi pali chikondwerero cha ufulu wodzilamulira, kenako maukwati ndi ziliza mpaka Okutobala, pomwe pa 15 pali tsiku la anakubala. Imeneyi ndiyo nyengo yophunzirira. Ikamafika Khirisimasi mudzakhala mukudziwa manja anu ndi makasitomala anu.

M'nyengo yomweyi mbatata imakhala mbwee. Tirigu wambiri amene timadya m'Malawi muno amachokera kunja, nchifukwa chake kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ufa wake unakwera nthawi yomweyo. Mbatata yofiira mkati, monga Kadyaubwerere, Chipika kapena Zondeni, ili m'munda mwanu. Iphikeni, isendeni, ipoteni mpaka isalale, ndipo muisakanize ndi ufa wa tirigu. Yambani ndi kapu imodzi ya mbatata pa makapu atatu a ufa. Mukachulutsa kwambiri mandasi safufuma, chifukwa tirigu ndi amene amagwira mpweya wa yisiti. Chepetsani madzi, poti mbatata ili nawo kale, chepetsaninso shuga. Mtundu wachikasu uja umakopa maso, komanso muli vitamini A amene ana athu amafunikira. Chigumu ndi zitumbuwa musazinyoze ngati zachimidzi. Sizilira tirigu nkomwe.

Tibwere ku masamu, pomwe ambiri amagwera. Tiyerekeze kuti ufa, mafuta, shuga, yisiti, nkhuni, tikiti ya pamsika ndi kabaza zatha K20,000, ndipo mwatulutsa mandasi 120. Ana adyako 6, alamu anu atolako 4 akuti adzalipira mawa. Otsala 110 mwagulitsa pa K200. M'thumba muli K22,000, koma zanu ndi K2,000 basi. Ena amaona K22,000 yonseyo ngati phindu, nagula chitenje ndi nyama ya pachikondwerero. Mawa lake geni yatha. Mpambawo ukhale m'chitini chakechake, ndipo ngati munabwereka ku banki m'khonde muwerengerenso chiwongoladzanja musanaike mtengo. Abambo, chitini chimenecho si chanu chopitira kumpira.

Mafuta ndi amene amadya phindu kwambiri. Mukaponya mandasi mafuta asanatenthe, amamwa ngati thonje. Yesani kaye ndi kachidutswa kamodzi: kakayandama msanga, mafuta afika. Gulu likhoza kusonkherana nkumanga uvuni wa njerwa wophikira masikono ndi mabanzi, zomwe sizifuna mafuta ambiri, nkumaphika mosinthana. Ufa mugulenso pamodzi thumba lathunthu sabata zingapo chikondwerero chisanafike, mitengo isanakwere.

Pamsika, ikani malonda anu m'ndowa yoonekera mkati yokhala ndi chivundikiro, ndipo mutolere wogula ndi foloko kapena kapepala, osati dzanja lomwe lalandira ndalama. Tsiku loyamba phikani theka la zomwe mukuganiza kuti zitha.

Sabata yamawa gulu lililonse libwere ndi kope, kapu yoyezera ndi mbatata zisanu zofiira mkati. Tidzakazinga mitundu iwiri, wa tirigu yekha ndi wosakaniza, nkuwerengera limodzi mtengo wa ndasi limodzi.