Rod Serling: kunena zoletsedwa kudzera m'nthano

Lero tilankhule ndi inu olemba masewero amene muli ndi nkhani yowawa, koma eni ndalama sakufuna kuti imveke. Mlembi wina wa ku America, Rod Serling, anakumana nazo zimenezi ndipo anapeza potulukira.

Serling anabadwa mu 1924 ndipo anakulira ku Binghamton, m'chigawo cha New York, akumvetsera masewero a pawailesi. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anali msilikali wodumpha ndi parachuti. Anamenya nkhondo ku Philippines, navulala, ndipo zimene anaona kumeneko sizinamuchoke m'mutu. Atabwerako anaphunzira ku Antioch College, nayamba kulembera wailesi ku Cincinnati. Sewero lake la pa TV la Patterns linamutchukitsa mu 1955.

Chaka chomwecho mnyamata wachikuda wa zaka 14, Emmett Till, anaphedwa ndi azungu ku Mississippi, khoti n'kuwamasula. Serling analemba sewero lochokera pa nkhaniyi. Makampani olipirira pulogalamu anaopa kutaya makasitomala akummwera, choncho sewerolo linasinthidwa mpaka wophedwayo sanakhalenso wachikuda, ndipo nkhani yonse anaisamutsira ku New England. Chimene chimandipweteka n'chakuti sanaliletse seweroli ayi, analiulutsa atalichotsa mano.

Ndiye anatani? Anaona kuti mawu amene akuluakulu angakanize munthu kulankhula pa TV, amawalola akatuluka m'kamwa mwa cholengedwa chochokera kudziko lina. Ife sitingadabwe: agogo athu ankadzudzula mfumu yadyera poyiveka chikopa cha Fisi. Mu 1959 Serling anayambitsa pulogalamu ya masewero ya The Twilight Zone pa TV ya CBS, imene inatha mu 1964. Pa zigawo 156, iye analemba 92.

Tamverani m'mene anachitira m'chigawo cha The Monsters Are Due on Maple Street cha mu 1960. Magetsi azima mumsewu wina wabata, magalimoto akukana kulira. Mwana wina akuti mwina pakati pawo pali mlendo wochokera kumlengalenga. Galimoto ya bambo wina yangolira yokha, maso onse kwa iye. Kusanache, munthu waombera mnansi wake. Pakaphiri, alendo enieniwo akungoyatsa ndi kuzimitsa magetsi, osakhudza aliyense. Oonera anakumbukira okha nthawi ya Senator Joseph McCarthy, pamene anthu ankalozana zala kuti ndi achikomyunizimu, ngakhale dzina lake silinatchulidwe.

Mukamalemba lanu, chodabwitsa chikhale chimodzi chokha. Zina zonse, msewu, mantha, kalankhulidwe, zikhale zimene omvera amaziona tsiku ndi tsiku. Ndipo musamange nkhani yaitali: zigawo zambiri za Serling zinkatha pa mphindi pafupifupi 25. Pomwe amamwalira mu 1975 ali ndi zaka 50, anali atalembanso filimu ya Planet of the Apes ya mu 1968 pamodzi ndi Michael Wilson, momwe anyani ndiwo akuweruza munthu.