Nyama yofa yokha si ndiwo

Mu sewero lathu la lero mwamva za msodzi uja amene anapeza mvuu itafa yokha m'bango. Anathamangira kumudzi kukaitana anzake, aliyense mpeni ndi beseni m'manja. Mkazi wake atamuletsa, iye anati, "Ana akudya nsima ndi mchere, ndiye nyama tiisiye iwole?" Patapita masiku anayi, dzanja lake linatupa.

Amayi ndi abambo, seweroli si nthano chabe. M'chaka cha 2011, mvuu zoposa 80 zinafa mu mtsinje wa Luangwa, m'boma la Chama ku Zambia. Anthu anasenda ndi kudya nyamayo. Oposa 500 anadwala ndipo ena anamwalira. Kuno kwathu, kumapeto kwa 2018, mvuu zoposa 40 zinafa mu mtsinje wa Shire ku Liwonde. Konseku matenda ake anali amodzi, otchedwa anthrax. Ife a ku Nkhotakota timakhala moyandikana ndi mvuu, ndiponso timaweta ng'ombe ndi mbuzi. Choncho nkhaniyi ndi yathu.

Kodi matendawa amayamba bwanji? Amayambitsidwa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso totchedwa mabakiteriya. Tizilomboti timabisala m'dothi kwa zaka zambirimbiri osafa. M'chilimwe madzi akaphwa ndipo udzu ukachepa, nyama zimadya msipu wam'munsi pamodzi ndi dothi, n'kumeza tizilomboto. Nyama yoteroyo imafa mwadzidzidzi, ngakhale dzulo lake inkaoneka yabwinobwino. Imatupa msanga, ndipo kawirikawiri magazi akuda osaundana amatuluka m'mphuno, m'kamwa ndi kumbuyo.

Nanga munthu amawatenga bwanji? Njira zake ndi zitatu. Yoyamba ndi ya pakhungu, posenda, poduladula kapena ponyamula nyamayo. Pamatuluka kachiphuphu koyabwa, kenaka chilonda chakuda pakati ngati khala. Chilondachi sichipweteka kwenikweni, n'chifukwa chake ambiri amachedwa nacho kunyumba. Yachiwiri ndi ya m'mimba, munthu akadya nyamayo. Amatentha thupi, kusanza, kumva kupotokola ndi kutsegula m'mimba mwa magazi. Yachitatu ndi ya m'mapapo, popuma fumbi la zikopa zouma. Ziwiri zomalizazi zimapha msanga.

Ena amati, "Tiifutsa," kapena "Tiiwamba pamoto." Ayi ndithu. Utsi, mchere ndi dzuwa sizipha tizilomboti. Komanso amene akusendayo amakhala atatenga kale matendawa mphika usanafike pamoto.

Tsono mukapeza mvuu, ng'ombe kapena mbuzi itafa yokha, musaikhudze ndipo musaing'ambe. Kuing'amba ndiko kumwaza tizilombo m'dothi momwe ziweto zanu zidzadyere mawa. Letsani ana ndi agalu kufika pafupi. Dziwitsani amfumu, mlangizi wa ziweto kapena mlangizi wa zaumoyo. Ikakhala nyama yakutchire, a nthambi yoona za nyama zakutchire ayenera kumva. Iwowa ndiwo amadziwa kuitentha kapena kuikwirira m'dzenje lakuya. Musagulenso nyama yotsika mtengo imene simukudziwa kumene yachokera. Katemera wa ziweto alipo, funsani alangizi.

Ngati mwaigwira kale kapena mwadya, musabise poopa kudzudzulidwa. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mukanene zoona kwa adokotala. Tengani onse amene munadya nawo. Mankhwala ake alipo ndipo amachiza munthu akafulumira. Wodwalayo musamusale, pakuti matendawa sayenda kuchoka kwa munthu kupita kwa mnzake ngati chimfine.

Ndikudziwa kuti njala imapweteka, ndipo usipa ukasowa nyama yaulere imakopa. Koma akuluakulu anati chakudza sichiyimba ng'oma. Kuli bwino kugonera masamba a chinangwa lero kusiyana ndi kusonkhana pamaliro mawa.

Kambiranani pagulu panu: kodi mvuu itafa pagombe lanu usiku uno, ndani angapite kukanena, ndipo angakanene kwa yani?