ZA NYOTA ZA ULEMU: NKHANI YOKAMBIDWA PA LIKHUBULA

Anthu ambiri amayesa kuti nyota ya pa chifuwa ndi ya asilikari okha. Si tero ai. Ziliponso nyota zimene Boma limapatsa anthu wamba chifukwa cha ntchito yokoma ya zaka zambiri.

M'masiku a Angerezi nyota zotere zinkachokera kwa Mfumu ya ku Mangalande. Ya M.B.E. inayamba m'chaka cha 1917, nthawi ya Mfumu George V. M'chaka cha 1920 anaonjeza ina ya mafumu a kuno, yasiliva, yovala m'khosi ndi unyolo. Mbali imodzi inali ndi mutu wa Mfumuyo. Tsono mwini wake poivala pa bwalo, anthu ankaona kuti ulemu wake wachokera kutsidya la nyanja, osati kwa iwo.

Dziko litalandira ufulu m'chaka cha 1964, panafunika nyota yakeyake. Kotero m'chaka cha 1967 Dr. Kamuzu Banda anakhazikitsa Order of the Lion, ndiko kuti Ulemu wa Mkango. Uli ndi magawo asanu: Grand Commander pamwamba, kenaka Grand Officer, Commander, Officer, ndi Member potsiriza. Pa nyotayo pali mkango, chirombo chimene chilinso pa chidindo cha dziko. Wopereka ndiye Pulezidenti.

Zigawo za Malawi zilibe nyota zaozao, koma ku Canada zilipo. Chigawo cha Saskatchewan chinayamba yake m'chaka cha 1985, ndipo anaiumba monga duwa lofiira lomera m'minda ya komweko. Chokoma nchakuti munthu ali yense akhoza kulemba kalata kutchula mnansi wake kuti ayenera ulemuwo.

Apa mpofunika kuti a pa Likhubula aganizepo bwino. Phiri la Mulanje linaikidwa kukhala nkhalango yosungidwa ndi Boma m'chaka cha 1927, ndipo m'chaka cha 2025 a UNESCO analilemba m'gulu la malo a mtengo wapatali a dziko lonse lapansi. Nanga alisunga ndani zaka zonsezi? Ndiwo alonda a nkhalango, olambula njira zotchinga moto m'chilimwe, obzala mbande za mkungudza, ndi amtengatenga amene amasenza katundu wa alendo kuchoka pa Likhubula kukafika pa Chambe, ena mpaka pa Sapitwa, mamita 3,002. Mlendo akasokera m'nkhungu, ndiwo amadzuka usiku kukamfuna. Kawirikawiri maina a anthu otere safika ku Lilongwe, pakuti palibe wowalembera, ndipo nkhalamba ikamwalira ntchito yake imaiwalika.

Aphunzitsi ndi ena odziwa kulemba athandize pamenepa. Alembe dzina la munthuyo, mudzi wake, zaka zimene wagwira, ndi chimene anachita, popanda kukometsera. Kalatayo ayambe aionetsa kwa anyakwawa, kuti nawo aikepo umboni wao isanapite kwa Bwana D.C. pa Boma la Mulanje.